Mawu Amene Ndinalemba pa Dzina la a Sandalamu

Za ubwana wanga mwazimva kokwanira, ana anga, ndipo sindizilemba muno. Ndiyambira pa ntchito. Ndinkafuna kuyamba ndi zosangalatsa, monga za tsiku limene ndinakumana ndi amayi anu, koma mwezi wathawu ndinamva mdzukulu wanga Tamanda, uja anamaliza maphunziro koma sanapezebe ntchito, akuseka pa foni ndi mnzake kuti iye tsopano ndi lova wa digiri. Anawatchula mawuwo mopepuka ngati akutchula dzina la ndiwo. Ine ndinalephera kukhazikika. Ndinazungulira nyumba kawiri, ndinakaona mbuzi zimene ndinali nditaziona kale, kenaka ndinatenga cholembera. Mawu amenewa ine sindinachite kuwamva kwa anthu. Ndinawaona akufika kwathu kuno adakali m'Chingerezi chawo, ndipo dzanja langa ndi limodzi mwa manja amene anawalandira.

1952, Nathenje

Ndinalembedwa ukalaliki mu Epulo 1952, ndili ndi zaka makumi awiri ndi satifiketi ya Sitandade 6 imene ndinkaisunga m'Baibulo kuti isapindike. Anandilemba ndi a bungwe limene linkagula fodya wa alimi a m'midzi, ndipo ananditumiza ku msika wa ku Nathenje. Msikawo unali chishedi cha udzu m'mbali mwa msewu waukulu, sikelo imodzi, tebulo limodzi, ndi kanjira ka mitengo kolowetsa anthu mmodzimmodzi ngati ng'ombe pa dibi. Alimi ankafika ndi fodya wa chikopa, uja wofukiza ndi utsi, ena pamutu ena pangolo, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Aliyense ankayenera kuonetsa chitupa cha fodya. Wopanda chitupa sankaloledwa kubzala, ndipo akabzala mobisa analibe kokagulitsa. Ntchito yanga inali yosunga buku lalikulu la maina a alimi onse a zitupa, mudzi ndi mudzi. Zipangizo zinkasowa. Inki tinkaithira madzi mpaka kuyera, pensulo imodzi ankaidula pakati kuti tigawane ndi kalaliki wa pasikelo, ndipo nyumba imene anandilonjeza inali isanafoleredwe. Ndinapeza malo kuseri kwa sitolo ya Che Saidi, Msilamu wachikulire wogulitsa mchere, palafini ndi nsalu, amene anakhala zaka zambiri ku Joni akuphikira azungu.

Bwana wathu anali mzungu wamtali, wofiira khosi. Anthu anamutcha Kampango chifukwa ankangokhalira kupukuta thukuta ndi kampango kake, ndipo dzina lake lenileni sindililemba. Sanali womenya anthu, ndipo fodya ankamudziwa. Ankangogwira tsamba ndi zala ziwiri n'kukuuza ngati linafukizidwa ndi nkhuni zouma kapena zaziwisi. Koma anali wopupuluma, ndipo Chinyanja chake chinali cha mawu olamula okhaokha. Sabata yanga yachiwiri, mlimi wina anabweretsa fodya wowola m'mphepete. Kampango anamununkhiza, anamuponya pansi, n'kunditembenukira kuti ndilembe mawu ena pafupi ndi dzina la munthuyo. Sindinawamve bwino, choncho ndinalemba momwe khutu linandiuzira, lofa. Anasuzumira m'bukumo, anaseka, analanda pensulo n'kulemba yekha: loafer. Anati ndiziphunzire zilembo zimenezo chifukwa ndidzazilemba kawirikawiri.

Kusukulu ya mishoni sitinawaphunzire mawuwa. Amene ndinkawadziwa ofanana nawo anali a lofu ya buledi, ndiye ndinkaganiza kuti mwina ndi giredi ya fodya wofufuma ndi chinyezi ngati buledi. Kufunsa bwana ndinkachita manyazi, poti ndinali nditamuuza kuti Chingerezi ndimachidziwa. Kwa masabata atatu ndinkawalemba mokongoletsa, osadziwa chimene ndikulemba. Tsiku lina masana, Che Saidi akuyeza mchere m'tizitini, ndinawafunsa. Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anasiya kuseka.

"Mwana wanga," anatero, "m'mawu amenewo mulibe buledi. Muli malovu."

Anandifotokozera kuti ku Joni apolisi ankagwira anthu akuda oima m'makona a misewu opanda chitupa cha ntchito n'kumawatcha choncho, ndipo anthu athu pobwerera kumudzi ankawatchula kuti malova. Tanthauzo lake, anatero, ndi munthu wamphamvu zake koma wosafuna kugwira ntchito, wongoyendayenda, wodya thukuta la anzake. Koma anati tanthauzolo ndi laling'ono, chachikulu ndi kumene mawuwo amalowera. Amatsika, sakwera. Wolemba ntchito amauza wofuna ntchito, mzungu amauza munthu wakuda, wovala nsapato amauza wopanda nsapato. Ndipo wouzidwayo alibe poyankhira, chifukwa akangoyamba kufotokoza chimene chamulepheretsa, amamveka ngati waulesi amene akudzikhululukira.

Ndinafuna kuona ngati n'zoona. Panali mzungu wina wa kuesiteti amene ankabwera kumsika kwathu n'kukhala pansi pa mtengo tsiku lonse, akumwa za m'botolo lake, osagwira kanthu. Ndinafunsa Kampango mwaulemu ngati ameneyonso anali loafer. Khosi lake linafiira kuposa kale. Anati bwana uja akupuma, ndipo ndisadzayerekeze kutchula mawu amenewo ponena za mzungu. Kuyambira pamenepo ndinadziwa chimene ndinkalemba. Ndinadziwanso ntchito yake, chifukwa nyengo ya msika itatha, maina onse okhala ndi mawuwo anachotsedwa ndipo eni ake sanalandire zitupa za chaka chotsatira. Ndinkadzitonthoza kuti pakamwa ndi pa bwana, langa ndi dzanja chabe.

1954 mpaka 1955, Mitundu

Mu 1954 anandikweza n'kunditumiza ku Mitundu. Anandipatsa njinga, yunifolomu ya khaki ndi nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo chaka chomwecho ndinakwatira amayi anu. Ndikadziona momwe ndinalili nthawi imeneyo sindidzikonda. Ndinkayankha anthu achikulire m'Chingerezi ndikudziwa kuti sakumva. Ndinkaliza belu la njinga ngakhale njira ili yotakata. Mawu aja ndinali nditayamba kuwagwiritsa ntchito ndekha, ngakhale kunyumba. Tsiku lina ndinawanena kwa mlamu wanga amene anabwera kudzacheza n'kukhala masiku atatu, ndipo amayi anu anandiuza mofatsa kuti mawu a kuofesi ndiziwavula pakhomo pamodzi ndi nsapato.

Nthawi imeneyo akuluakulu a bungwe anati alimi a fodya achuluka ndipo fodya woipa wachulukanso, choncho maina achepetsedwe. Sizinalinso zodikira msika. Tinkayenera kuyendera minda nthawi ya dzinja n'kuona amene sakusamalira. Kampango ankayang'aniranso Mitundu, koma mu Januwale 1955 anadwala malungo, misewu nayo inali matope okhaokha moti galimoto yake sikanadutsa. Anandiitana ali chogona pa khonde, nandiuza kuti ndiyendere ndekha midzi ya chakumadzulo, cha ku Dzalanyama, ndipo pofika Lachisanu ndimubweretsere maina khumi. Ndinafunsa kuti nanga ndikapeza asanu okha. Anati m'midzi imeneyo anthu aulesi sangachepere khumi, ndipo kalaliki amene sangawapeze ndiye kuti naye ndi mmodzi wa iwo.

Ndinayenda masiku anayi. Chubu cha njinga chinaphulika tsiku lachiwiri, zigamba zinali zitatha kuofesi, ndiye ndinalonga udzu m'tayala n'kumapalasa movutikira. Pofika Lachisanu m'mawa ndinali ndi maina asanu ndi anayi. Ena mwa iwo analidi anthu otayirira, oti ndinawapeza pa mowa dzuwa lili pamutu, fodya atamira m'tchire. Ena sindingalumbire. Dzuwa likuyandikira paliwombo ndinafika pa mudzi wina waung'ono kutsidya kwa kamtsinje. Mitambo inali itada cha kuphiri, ndipo ndinkadziwa kuti mvula ikagwa kumeneko kamtsinjeko kadzaza, ine n'kutsekeredwa kutsidya, lipoti osafika. M'mudzimo munali zii. Munda woyamba umene ndinafika unali wa fodya wokula bwino, koma chisoso ndi udzu zinali zitafika m'mawondo. Pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa mundawo panali bambo atagona chafufumimba, khasu lili pambali lopanda dothi.

Ndinawadzutsa ndi belu la njinga. Anadzambatuka, anakhala pansi, anaomba m'manja nati zikomo a kalaliki. Ndinafunsa dzina, anati Sandalamu Phiri. Ndinalipeza m'buku. Anayamba kunena kuti kuno kunagwa zovuta, koma ine sindinawalole kumaliza. Ndinawalozera udzu uja n'kuwalankhula m'Chingerezi, mokweza, ndipo mawu aja ndinawatchula kawiri. Amayi atatu amene ankachokera kuchitsime anaima ndi mitsuko yawo pamutu n'kumamvetsera. Ndinalemba. A Sandalamu anafunsa kuti ndalemba chiyani, ine ndinati akafunse kwa bwana, n'kukwera njinga.

Apa ndiyenera kunena chimene sindinauzepo munthu kwa zaka zambiri. Mutu wa a Sandalamu unali wometedwa kumene, mpala. Awiri mwa amayi aja analinso ometa. Ine ndine Mchewa, ndinakulira m'mudzi. Ndinkadziwa kuti anthu akameta chotero ndiye kuti angoika maliro, ndipo ndinkadziwa kuti m'mudzi mukagwa maliro makasu amagona. Sindinganame kuti sindinaone. Ndinaona, ndinamvetsa, koma ndinali ndi maina asanu ndi anayi ndipo kuphiri kunkagunda. Ndinawoloka kamtsinje kaja madzi ali m'akakolo, ndipo Kampango anandiyamikira kuti ndine kalaliki wodalirika.

Msika utatsegulidwa, a Sandalamu anabwera ndi fodya wawo, poti chitupa cha chaka chimenecho chinali chikugwirabe ntchito. Anali fodya wabwino, wakuda, wamafuta. Kampango anatola tsamba limodzi n'kulionetsa alimi ena kuti azifukiza chotero, osadziwa kuti mwini wake ali pa mndandanda uja. Ine ndinaweramira m'buku. Ikanakhala nthawi yabwino yonena, koma ndinadziuza kuti ndinena mawa. Mu Seputembala tinagawa zitupa zatsopano. A Sandalamu anaima pamzere mpaka anthu onse anatha, kenaka anafika patebulo n'kuvula chipewa. Ndinawauza kuti dzina lawo mulibe, osadzutsa mutu. Anabweranso kawiri. Ulendo wachitatu sanafike patebulo, anangoima patali pafupi ndi ngolo za anthu, kenaka sindinawaonenso.

1956, Mitundu

Mu Januwale 1956 kunabwera mayi wina kuofesi, ali ndi mwana kumbuyo. Anakhala pansi pakhomo, anakana kulowa. Anati iwo ndi Nankhoma, akazi a a Sandalamu. Analankhula motsitsa, osandiyang'ana. Anati chaka chathacho chikuku chinalowa m'mudzi mwawo ndipo chinawatengera ana awiri m'masiku khumi. Wachiwiriyo bambo ake anamubereka kumbuyo wapansi mpaka kuchipatala cha mishoni, n'kubwerera naye ali womwalira. Tsiku limene ine ndinafika linali loyamba kuti atenge khasu, ndipo atafika kumunda miyendo inawakana. A Sandalamu anali mkamwini pamudzipo, ndipo alamu awo sankawakonda kuyambira kale. Amayi aja a kuchitsime anakafotokoza kumudzi mawu amene kalaliki ananena, wina wobwera ku Joni anawamasulira, ndipo dzina linamera. Ana ankawaimba akamadutsa. Chitupa chitakanizidwa, alamu awo ananena poyera kuti ngakhale boma laona chimene iwo ankanena kale, kuti mlongo wawo akuweta lova. Mu Okutobala a Sandalamu anakwera lole ya olemba anthu a m'mapulazi a fodya ku Halale, ndipo chipitireni sanatumize mawu.

Mayiwo sanandidzudzule. Anangofunsa ngati chinthu cholembedwa m'buku la azungu chimafufutika, kuti ngati chifufutika atumize uthenga bambowo abwerere.

Ndinati ndiona. Koma kuona kwake kunali kovuta. Kuti dzina libwerere ndinayenera kuuza Kampango kuti lipoti langa linali labodza, ndipo ndinalilemba ndikudziwa. Nthawi yomweyo dzina langa linali litatumizidwa ku Lilongwe kuti ndikakhale kalaliki wamkulu, ndipo amayi anu anali oyembekezera, pathupi pake pa iwe Esinati. Miyezi inayi ndinayenda nayo nkhaniyi. Ndinkatsegula buku lija popanda chifukwa, kuyang'ana tsamba lija, kutseka, kutuluka panja, kubwereranso. Pachakudya ndinkadzuka ndisanamalize. Loweruka lina ndinapalasa njinga mpaka ku Nathenje kukafunsa nzeru kwa Che Saidi. Anamvetsera akupinda nsalu, ndipo nditamaliza anati munthu sapalasa mtunda wonsewo kudzafunsa chinthu chimene sakuchidziwa, ine ndabwera kuti iwo andiuze kuti ndizisiye, ndipo zimenezo sandiuza. Anandipatsa tiyi n'kuyamba nkhani zina. Nditabwerako ndinawaululira amayi anu. Anati ku Lilongwe akufuna kupitako ndithu, madzi a pampopi akuwafuna, koma sakufuna kudzabereka mwana m'nyumba imene mwamuna wake amadzuka pachakudya ngati walumidwa ndi linthumbu.

Ndinamuuza Kampango mu Meyi, msika utangotsegulidwa, tili awiri m'shedi. Ndinayembekezera kuti akalipa chifukwa cha munthu amene ndinamulakwira, koma za a Sandalamu sanafunse n'komwe. Chinamupweteka chinali buku. Anati ngati dzina limodzi ndi labodza ndiye kuti buku lonse silingakhulupirike, ndipo anandifunsa kuti enanso ndi angati. Ndinati sindikudziwa, ndipo chinali choonadi. Anapukuta khosi nthawi yaitali. Anati dzinalo libwerere, poti fodya wa munthuyo akumukumbukira, koma za ku Lilongwe ndiiwale. Ndibwerera ku Nathenje kukakhala kalaliki wa pasikelo, njinga ndi nyumba ndisiyire wina. Ndisanatuluke ndinamufunsa mawu a Chingerezi oti ndilembe m'malo mwa aja, osonyeza kuti munthuyu ndi wolimbikira. Anandiyang'ana modabwa nati palibe chifukwa, ndingokhwatcha. Ndinakhwatcha ndi inki yathu yamadzi ija, ndipo mawuwo ankawerengekabe pansi pa mzerewo.

Chitupa chatsopano ndinapita nacho ndekha, wapansi, Lamlungu lotsatira. Ndinawapeza Nankhoma akutonola chimanga pakhonde. Anachilandira ndi manja awiri, anachitembenuza, anachiika pa lichero. Kenaka anandiyang'ana m'maso koyamba.

"A kalaliki," anatero, "anthu atiuza zosiyanasiyana. Ine ndikufuna ndimve kwa inu amene munalemba. Mawu aja amatanthauza chiyani m'chilankhulo chathu?"

Ndinayesa kuzemba, ndinati ndi mawu a kuofesi chabe. Anati ayi, ndiwauze monga momwe ndikanawauzira amayi anga. Pamenepo ndinaona kuti mawuwa anali opepuka pakamwa panga chifukwa anali a eni ake. M'Chichewa ankalemera. Ndinati amatanthauza mlesi, munthu wachabechabe, wodya za anzake.

"Mukanatha kuwauza bambo aja zimenezo m'Chichewa, atakhala pansi akuombera m'manja?"

Ndinati sindikanatha.

Anaimirira nati ndiwatsate. Ananditengera kuseri kwa nyumba n'kundionetsa balani yofukizira fodya imene a Sandalamu anamanga okha, yomata bwino, yopanda mng'alu. Pambali pake panali mulu wa nkhuni wofika m'chifuwa, umene anautuza pamutu kuchokera kumapiri m'chilimwe chija ankayembekezera chitupa. Nkhunizo chiswe chinali chitayamba kuzidya. Anangondisiya ndiyang'ane. Alamu aja anali atakhala pa bwalo chapatali, ndipo palibe amene anabwera kudzandipatsa moni. Titabwerera pakhonde Nankhoma anati popeza dzanja langa limadziwa kulemba, ndilembe kalata. Ananena okha mawu ake, ine n'kumalemba papepala limene ndinang'amba m'kabuku kanga. Anati ndilembe kuti dzina labwerera, balani ilipo, mwana wayamba kuyenda, abwere mvula isanagwe. Ine ndinawonjezera mzere wanga pansi, kuti wolakwa ndine ndipo ndavomera pamaso pa bwana. Keyala panalibe. Chimene ankadziwa chinali dzina la dera limene lole ija inkapita, ndipo ndinalemba lomwelo pa envelopu.

1956 mpaka 1959, Nathenje

Tinasamukira ku Nathenje mu Juni, katundu ali pangolo, ndipo iwe Esinati unabadwira m'kachipinda kaja kuseri kwa sitolo ya Che Saidi. Ntchito ya pasikelo inali yoimirira tsiku lonse. Amene ndinkawalamula kale ndiwo ankandituma tsopano, ndipo kalaliki watsopano wa buku, mnyamata wa ku Dedza, ankalemba mawu aja mwaluso kuposa ine. Ndinamuchenjeza kamodzi, iye anandiyankha m'Chingerezi. Kampango anabwerera kwawo mu 1958, ndipo amene analowa m'malo mwake sankawagwiritsa ntchito mawuwo. Koma nthawi imeneyo anali atatuluka kale m'buku. Ndinkawamva pamsika, pa chigayo, m'kamwa mwa amayi okalipira amuna awo, m'kamwa mwa anthu oti sanaonepo khomo la sukulu.

Kalata ija sinayankhidwe. Ndinalembanso ziwiri. Ubwino wa Nathenje unali wakuti mabasi ndi malole ochokera kummwera ankaima pamenepo, ndipo obwerera ku Halale ankatsika ndi masutikesi awo a malata kudzamwa tiyi kwa Che Saidi. Chinasanduka chizolowezi changa. Ndikangomva basi, ndinkasiya sikelo m'manja mwa mnzanga n'kuthamangira kumsewu kukafunsa aliyense wooneka kuti wachokera kutali ngati anakumanapo ndi Sandalamu Phiri wa ku Mitundu. Anthu anayamba kundiseka, ena ankaganiza kuti ndi m'bale wanga. Kawiri ndinauzidwa kuti anamwalira, kamodzi kuti ali ku Joni, ndipo zonsezo zinali za anthu ena a dzina lomwelo. Nankhoma ankalima okha fodya pa chitupa chija, pang'ono chabe, mothandizidwa ndi mchemwali wawo.

Mu Ogasiti 1959 ndinapeza munthu wowadziwa. Anali bambo wa ku Kasiya, wopanda mano akutsogolo, amene anagwira nawo ntchito pulazi imodzi zaka ziwiri. Anawafotokoza bwinobwino, mpaka chala chawo chopindika chimene nane ndinkachikumbukira. Anati a Sandalamu ndi kapitawo wa mabalani onse papulazipo, mzungu wake sachita kanthu osawafunsa, ndipo anthu amawaopa chifukwa sapuma ndiponso salola wina kupuma. Ndinafunsa ngati kalata zanga zinafika. Anati imodzi inafika, anawawerengera ndi iye yemwe, ndipo a Sandalamu anaisunga m'chitini. Ndinafunsa ngati anamva mzere wanga wa pansi uja. Anati anamva. Ndinafunsa ngati ananenapo kanthu za kalaliki, ngati anali ndi mkwiyo, ngati anatchula za kukhululuka. Bamboyo anaganiza, nati za kalaliki sananenepo chilichonse. Anangoti atawafunsa ngati sabwerera kwawo tsopano poti dzina lakonzedwa, a Sandalamu anayankha mawu ochepa.

"Buku akonza. Nanga pakamwa pa ana a m'mudzi akonzanso?"

Basi inaliza hutala, bamboyo anathamanga ndi sutikesi yake, ine ndinabwerera kusikelo poti alimi anali akudikira.

Lamlungu lake ndinabwereka njinga ya Che Saidi n'kupita kukawauza Nankhoma. Ndinawapeza akuwaza madzi pa nazale. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, za ukapitawo, za kalata ya m'chitini, ndi mawu aja osachotsapo kanthu. Anamvetsera chitini chothirira chili m'manja, madzi akudontha pa mapazi awo. Nditamaliza anafunsa ngati munthuyo ananena kuti bambo aja akudya bwino, ngati anenepa kapena aonda, ndiponso ngati chifuwa chawo chija cha nthawi yozizira chinasiya.

Zonsezi sindinazifunse. Ndinali ndi munthu uja kwa nthawi yonse imene basi inaima, ndipo ndinamufunsa mafunso ambiri, koma onse anali okhudza ine.